Tisakwirire ng'anjo za makolo athu ku Balaka

Aliyense amene wadutsa pa Balaka masiku ano wadzionera yekha kuti nthaka ya boma limeneli sikupuma. Kwina akukumba maziko a masitolo ndi nyumba zogona alendo, kwina akutapa dothi lokonzera misewu, ku Chenkumbi akuphwanya miyala ya laimu, ndipo ku phiri la Kangankunde amigodi aikako maso onse. Ife a nyuzipepala ino sitikudana nazo zimenezi, ayi ndithu. Chitukuko tikuchifuna, ndipo anthu a kwa Nsamala, kwa Kalembo ndi madera ena a m'bomali achidikira mokwanira. Koma pali funso limodzi lomwe tikufuna akuluakulu atiyankhe zimakina zisanapite patali: kodi zimene zikutuluka m'maenjemo akuziyang'ana ndani?

Sitikunena za golide kapena miyala ya mtengo wapatali. Zimenezo zili ndi eni ake ozilondera usana ndi usiku. Tikunena za mapale akale, timipope tadothi topsa kunsonga, ndi timiyala takuda, tolemera, toboolekabooleka ngati tidachita kuwira, timene mlimi amatola m'munda n'kuponya kumalire poti timabunthitsa khasu. Timiyala timeneti si miyala wamba. Ndi zotsalira za m'ng'anjo. Pamene mwatipeza tambiri pamalo amodzi, dziwani kuti pamenepo padali fakitale, ndipo mwini fakitaleyo adali munthu wakuda wa dziko lino, amene ankatenga mwala n'kuusandutsa khasu popanda magetsi, popanda ngongole ya kubanki, popanda mlangizi wochokera kunja.

Wina anganene kuti tikungokometsa nkhani. Tiyeni tsono tione mapu. Kumpoto kwa Balaka kuli Mangochi, kumene katswiri wofukula zakale Keith Robinson adakumba pa Nkope m'zaka za m'ma 1960. Zimene adapeza zidaonetsa kuti anthu olima, oumba mbiya ndi odziwa chitsulo adali atakhazikika kale m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mpaka lero mbiya za mtundu umenewo akatswiri amazitchula ndi dzina la Nkope, ngakhale atazipeza ku Zambia kapena ku Mozambique. Ku Mangochi komweko kuli phiri la Mawudzu, lomwe lidapereka dzina ku mbiya za nthawi ya Amaravi. Kumadzulo kuli phiri la Kapeni ku Ntcheu, nalonso lili ndi mbiya zotchedwa dzina lake. Kumwera, potsika ndi Shire, kuli Matope, kumene Robinson yemweyo adakumbanso. Ndiye kuti dziko la Nsamala lili pakatikati pa malo onsewa, m'chigwa chomwe chidali njira ya anthu ochokera kunyanja kupita ku Zambezi. Kodi anthu amenewo ankauluka podutsa pa Balaka? Ayi. Ankayenda pansi, ankagona, ankalima, ankasula, ndipo pansi pomwepo adasiyapo zizindikiro.

Pitani pang'ono chakumpoto, ku Mtakataka m'boma la Dedza. Kumeneko Mmalawi mnzathu, Dr Yusuf Juwayeyi, adafukula Mankhamba, likulu la Kalonga mfumu ya Amaravi. Adapeza zida zachitsulo, zinthu zamkuwa, zibangiri za minyanga ya njovu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere, ngakhale zidutswa za mbale zochokera ku China. Buku lake lofotokoza zimenezi lidatuluka m'chaka cha 2020. Taganizani, abale: mbale ya ku China pa Mtakataka, kulibe sitima ya pamtunda, kulibe lole, kulibe msewu wa tala. Sidabwere yokha mbaleyo. Padali anthu a geni amene adaisenza, ndipo padali katundu amene makolo athu adapereka posinthana nayo.

Ophunzira athu ambiri amaloweza m'kalasi kuti makolo ankadziwa chitsulo, n'kulemba pamayeso, n'kuiwala. Koma ndi angati amene adauzidwa kuti ntchitoyo inkayenda bwanji? Amisiri ankaumba ng'anjo yadothi, n'kuikamo makala ndi miyala ya chitsulo mosanjikiza. Mpweya unkalowa kudzera m'timipope tadothi tija, kwina mothandizidwa ndi mivukuto ya zikopa. Moto unkayenera kufika pafupifupi madigiri 1,200. Pa kutentha kumeneko chitsulo sichisungunuka ngati madzi, koma zinyalala za m'mwalamo ndi zomwe zimasungunuka n'kuyenderera pansi, chitsulo n'kutsala chili chibuma. Chibumacho ankapita nacho pachipala, n'kuchiwotcha ndi kuchisula mpaka chitayera. Mukachepetsa makala, mupeza mwala womwewo. Mukachulutsa mpweya, chitsulo chipserera. Munthu wopanda choyezera kutentha ankadziwa zonsezi poona mtundu wa lawi ndi kumva kulira kwa moto. Ngati imeneyi si sayansi, ndiye sayansi n'chiyani?

Ku Kasungu kudali luso linanso lodabwitsa. Ng'anjo zakumeneko zidali zazitali kuposa munthu, ndipo zinkadzikokera zokha mpweya popanda wovukuta. Miyala yakumeneko idali ndi chitsulo chochepa, choncho amisiri ankaiphika kawiri, koyamba m'ng'anjo yaikulu, kachiwiri m'kang'anjo kakang'ono. Tikudziwa zimenezi chifukwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri monga David Killick, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery adakhala pansi ndi nkhalamba za ku Kasungu ndi za ku Phoka, kufupi ndi Livingstonia, zimene zidaona ntchitoyi paunyamata wawo. Nkhalambazo zidafotokoza za mankhwala, za miyambo yogona kutchire osayandikira kunyumba, ndi za kayikidwe ka makala. Zina mwa ng'anjo zimenezo zikadaimabe m'nkhalango ya Kasungu. Koma nkhalamba zija zidapita. Tsopano mboni yomwe yatsala ndi nthaka basi.

Inu a geni, nkhaniyi ndi yanu kuposa wina aliyense. David Livingstone atafika kumapiri a Shire m'chaka cha 1859 adalemba kuti kusula chitsulo idali ntchito yaikulu ya Amang'anja, ndipo m'midzi mudali ng'anjo, owotcha makala ndi osula. Iye asanabwere, Mpwitikizi Antonio Gamitto, amene adadutsa m'dziko la Amaravi m'chaka cha 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, adalembanso za luso lawo la chitsulo. Makasu a Amaravi ankagulitsidwa m'misika ya Apwitikizi ku Zambezi. Nawonso Ayao, amene Nsamala ndi imodzi mwa mafumu awo, mbiri yawo ya malonda idayamba ndi chitsulo. Yohanna Abdallah, m'buku lake la mbiri ya Ayao la 1919, adafotokoza kuti Achisi, fuko la osula, ndi amene ankayendayenda kugulitsa makasu mpaka adatulukira kugombe la nyanja ya mchere. Tisabise, njira zomwezo pambuyo pake zidadutsamo akapolo, ndipo limenelo ndi bala la mbiri yathu. Koma chiyambi chake lidali khasu. Inu amene mumakwera basi kukapikula katundu ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg, dziwani kuti makolo anu ankapita ndi katundu wopanga okha. Inu mumapita ndi ndalama, iwo ankapita ndi makasu.

Nanga zidatha bwanji? Sizidathe chifukwa cha ulesi. Nkhondo ndi malonda a akapolo a m'zaka za m'ma 1800 zidabalalitsa midzi. Atsamunda atabwera, masitolo adadzaza ndi makasu a kufakitale otsika mtengo, pomwe khasu la m'ng'anjo linkadya masiku ambiri ndi mitengo yambiri. Msonkho udakankhira anyamata ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ndipo ana a osula adakhala okumba miyala ya eni ake. Pofika cha m'ma 1930 ng'anjo za ku Kasungu, zomwe zidali m'gulu la zomalizira, zidazima. Kuchokera pamenepo takhala mtundu wogula. Singano timagula, msomali timagula, lezala timagula, ndipo tafika pokhulupirira kuti chiyambire tidali otero. Bodza limeneli ndi lomwe timiyala takuda tija timatsutsa.

Tsono taonani mmene anzathu amachitira. Ku England kuli mzinda wa York. M'chaka cha 1976, malo ena a mumsewu wotchedwa Coppergate atakonzedwa kuti pamangidwe masitolo, akatswiri a bungwe la York Archaeological Trust adapatsidwa mpata wokumba kaye. Adakumba mpaka 1981. Pansi pa msewuwo adapeza nyumba ndi malo ogwirira ntchito a anthu a zaka za m'ma 900, nthawi ya ma Viking. Padali zotsalira za osula chitsulo, timiphika tosungunuliramo zitsulo zina, mipeni, ngakhale zida zodindira ndalama. Zinyalala zomwezo zimene ife timaponya kumalire, iwo adazitsuka, kuziyeza ndi kuzilemba m'mabuku. M'chaka cha 1982, ntchito yomanga itayamba, chimakina chokumba chidagunda chinthu cholimba. Ntchito idaimitsidwa kuti aone, ndipo chidali chisoti chankhondo chachitsulo cha zaka za m'ma 700, chomwe lero chili m'nyumba yosungiramo zakale ya Yorkshire Museum. Masitolo aja adamangidwa ndithu, ndipo pansi pake, m'chaka cha 1984, adatsegula malo oonetsera zakale otchedwa Jorvik, amene alandira alendo mamiliyoni olipira pakhomo. Eni masitolo sadaluze, mzinda udapindula, mbiri idapulumuka.

Mwina mukuti amenewo ndi azungu, ali ndi ndalama zoseweretsa. Chabwino, tiyeni kwa anansi athu. Ku Zambia, m'chaka cha 1960, anthu ankakumba maziko a thanki ya madzi pa kaphiri kotchedwa Ingombe Ilede, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi. Adapeza mafupa a anthu ndi zinthu zachilendo, ndipo nkhani idafika kwa oyang'anira zakale. Atakumba bwino adapeza manda a anthu olemera, okhala ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa, ndi zida zokokera waya. Lero mwana wa sukulu ku Zambia amaphunzira za Ingombe Ilede, ndipo ophunzira athu a mbiri amakumana nalo dzinali. Chikhala kuti okumba aja adangofotsera n'kuthira simenti, bwenzi zonsezo palibe akuzidziwa. Ku York ndi ku Ingombe Ilede nkhani ndi imodzi: padapezeka munthu amene adati, taimani kaye.

Kuno kwathu lamulo lilipo, ndipo si lachilendo. Nthambi ya boma yoona zakale idakhazikitsidwa m'chaka cha 1967, ndipo lero ntchito yake ili m'manja mwa nthambi ya Museums and Monuments. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limateteza zinthu zakale zopezeka m'nthaka. Limafuna kuti wopeza zinthu zotere akanene, ndipo amene akukonza ntchito yaikulu yokumba kapena yomanga adziwitse boma msanga kuti akatswiri apulumutse zomwe zili pamalopo ntchito isanayambe. Palinso lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe limafuna kafukufuku wa mmene ntchito zikuluzikulu zikhudzire malo ndi anthu. Pamapepala tili bwino zedi. Koma lamulo lokhala m'kabati ku Lilongwe silingaimitse chimakina ku Utale kapena ku Phalula. Woyendetsa chimakinacho ngati sadauzidwe kuti phale ndi chiyani, adzalikankha ndi mtima woyera, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu.

Balaka idakhala boma palokha m'chaka cha 1998 itachoka ku Machinga, ndipo chiyambire nthawi imeneyo nthaka yake yatembenuzidwa kwambiri. M'zaka za m'ma 2010 njanji yatsopano yonyamula malasha kuchokera ku Moatize idadzalumikizana ndi yakale pa Nkaya. M'chaka cha 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources idachita mgwirizano wogula mgodi wa Kangankunde, kumene kuli miyala yosowa imene imafunika popanga maginito a galimoto zamagetsi ndi zipangizo zina zamakono. Sitikuloza chala kampani iliyonse kuti yaphwanya lamulo. Chomwe tikunena n'chakuti ntchito zikuluzikulu zimabwera ndi ntchito zing'onozing'ono mazanamazana: misewu ya m'mbali, maenje a dothi, nyumba za antchito, misika yatsopano, maenje a njerwa. M'ntchito zing'onozing'ono zimenezi ndi mmene mbiri imatayikira mwakachetechete, popeza palibe amene amalemba lipoti pokumba dzenje la njerwa.

Tikudziwa yankho lomwe ena ali nalo kale pakamwa: kodi mapale tidya? Ufa wakwera, fetereza wakwera, achinyamata ali pa ulova, inu mukutiuza za miyala yopserera? Funso limeneli ndi lomveka ndipo sitikulinyoza. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Kupulumutsa malo aang'ono a ng'anjo si ntchito ya zaka. Akatswiri ochepa amayeza malowo, kujambula, kutola makala oti akapimidwe zaka zake, n'kunyamula zofunika, kenaka chimakina n'kupitiriza. Poyerekeza ndi ndalama zomangira msewu kapena mgodi, mtengo wake ndi wa mchere wa m'ndiwo. Koma malowo akakankhidwa, atha. Mtengo mutha kudzala wina, mlatho mutha kumanganso, koma ng'anjo ya zaka 800 simungaiumbenso. Madzi akatayika saoleka.

Ndipo tisanamizane kuti mbiri siidyetsa munthu. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza zidalowa m'kaundula wa UNESCO m'chaka cha 2006. Ku Karonga, mafupa akale adabala nyumba yoonetsera zakale yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 2004, ndipo alendo amaima pamenepo, kugona, kudya ndi kugula. Balaka ili pamphambano. Opita ku Zomba, ku Mangochi, ku Lilongwe ndi ku Blantyre amadutsa m'bomali, enanso amapita kukaona nyama ku Liwonde. Onsewa amangodutsa, mwina kugula chimanga chootcha pawindo basi. Chikhala kuti pali chowaimitsa ola limodzi, amene angapindule ndi mayi wa lesitilanti, mnyamata wa kabaza ndi wogulitsa ziboliboli.

Sitikunenanso kuti tibwerere ku ng'anjo zadothi. Zinkadya makala ochuluka, ndipo Balaka ya lero, yomwe mitengo yake yathera m'matumba a makala opita m'tauni, singapirire zimenezo. Chimene tikufuna kutenga kwa makolo si dothi lawo koma mtima wawo, wakuti mwala sugulitsidwa uli mwala. Dziko lino lakhala likukamba zoti miyala yathu izikonzedwa konkuno isanatumizidwe kunja, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amanena za mafakitale. N'zabwino. Koma mtundu umene umakhulupirira kuti sudapangepo kanthu umagonja msanga pokambirana ndi ogula. Mwana wa ku Balaka amene waona ndi maso ake kuti agogo ake ankayenga chitsulo pamalo pomwe iye amadyetsa mbuzi, ameneyo akadzamva kuti miyala ya Kangankunde ikupita kunja, adzafunsa mafunso oyenera.

Choncho tikupempha zinthu zinayi, ndipo palibe chimene chikufuna thandizo la mayiko akunja. Choyamba, khonsolo ya Balaka ndi ya Machinga zisamavomereze ntchito yaikulu yokumba popanda umboni woti a nthambi ya zakale adziwitsidwa monga lamulo linenera. Chachiwiri, malipoti a kafukufuku amene makampani amachita asamathere m'maofesi. Gawo lonena za zinthu zakale limasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, liikidwe poyera kwa DC ndi kumabwalo a mafumu, kuti eni dera adziwe chomwe chidapezeka ndi kumene chidapita. Chachitatu, kontilakitala aliyense apatule tsiku limodzi lokha loti oyendetsa zimakina ndi akapitawo aonetsedwe phale, kampope kadothi ndi chotsalira cha m'ng'anjo, ndipo wantchito amene waimitsa chimakina chifukwa cha zimenezi asadulidwe malipiro. Chachinayi, Gogo Chalo Nsamala ndi mafumu anzawo auze anyakwawa kuti malo amene alimi amapezapo timiyala timeneti alembedwe maina. Mafumu ndi amene amadziwa munda uliwonse, ndipo kaundula wotere sadya ndalama, amangofuna kope ndi bolopeni.

Kwa inu amalonda tili ndi mawu awiri. Ambiri mwa amene mukumanga masitolo ndi nyumba za lendi m'matauni athu ndinu. Anyamata anu akakumba maziko n'kupeza mapale ambiri, mikanda kapena zitsulo zakale, musaope kuti boma likulandani puloti. Jambulani ndi foni, musasokoneze, kauzeni a kwa DC. Ndipo inu ogula zitsulo zakutha, khasu lakale losulidwa pamanja likafika pasikelo yanu, liikeni pambali. Pa kilo mupezapo ndalama ya sopo, koma mwagulitsa chinthu chomwe dziko lonse silingachipezenso. Chenjeraninso ndi anthu oyendayenda onena kuti pansi pali chuma chokwiriridwa. Amenewo amakumba usiku, kuswa mbiya, kusokoneza manda, n'kusiya dzenje. Phale likachotsedwa pamalo pake popanda kulemba, lasanduka phale wamba, silingatiuzenso kanthu.

Kwa inu ophunzira, mpira uli kwa inu. Ku MUST ku Thyolo ndi ku MUBAS ku Blantyre kuli maphunziro a zitsulo ndi migodi. Ku yunivesite ya Malawi ku Zomba kuli a mbiri. Zambiri zimene tikudziwa za ng'anjo za dziko lino zidalembedwa m'Chingerezi, ndipo zina zili m'malaibulale a kunja. Dr Juwayeyi adaonetsa kuti Mmalawi atha kukumba mbiri ya kwawo n'kuilemba yekha, dziko lonse n'kumvera. Nanga chikuletsa n'chiyani kuti wophunzira wa zitsulo ndi wophunzira wa mbiri agwirizane, atenge chotsalira cha m'ng'anjo cha kwa Nsamala, akachiyeze, atiuze kuti mwala wake unkachokera phiri liti ndipo moto wake unkafika pati? Mutu umodzi susenza denga. Pa holide, m'malo mongokhala pa WhatsApp, funsani agogo kumudzi kuti osula a m'dera lanu adali a banja liti ndipo chipala chawo chidali pati. Lembani. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amafuna wowasunga.

Pa msika wa Balaka lero pali anyamata okhoma zidebe, opanga mbaula, owotcherera mafelemu a zitseko ndi okonza njinga. Ambiri timawaona ngati anthu amene sukulu idawakanika. Koma iwowa ndi amene agwirizira ulusi womwe udayamba pa Nkope zaka zoposa 1,500 zapitazo. Akuyenera kudziwa kuti ntchito yawo ili ndi makolo, ndipo dziko likuyenera kuwapatsa ulemu umenewo.

Zimakina zikumbe, misewu imangidwe, migodi itsegulidwe. Koma pakhale munthu woima pambali pa dzenje ndi maso otsegula, ndipo akakweza dzanja, chimakina chiime. Akuluakulu a boma la Balaka, a nthambi ya zakale ndi aphungu a m'derali, tikudikira kumva kuti munthu ameneyo ndani.